Dishi Yoyang'ana Kwina

Nkhani iyi ndimaibisa, koma poti a Phiri ayamba kale kuseka ndisanatsegule pakamwa, bola ndiinene ndekha asanaithire mchere.

Zoti kuli intaneti yochokera kumwamba ndinayamba kuzimva ku Masiphumelele, komboni ya ku Cape Town imene timangoti Masi, chaka chimene pemiti yanga inatha. Ndinali nditazungulira ine: Tete, Harare, Jubeki, mpaka kudzatera m'kanyumba ka malata ka mlongo wanga Esnati. Sukulu ndinalekera folomu wanu, koma manja angawa ndi ophunzira. Kalelo ku Ndirande dishi ya TV ikavuta ankangoti, "Itanani a Fostino." Anali masiku amenewo!

Kuseri kwa Esnati kunali kontena ya mpingo imene anthu ankaphunziriramo kompyuta. Mawaya a intaneti ankangobedwa, ndiye tsiku lina kunabwera vani yoyera itanyamula chidishi chachikulu. Ine monga katswiri ndinasendera pafupi.

Madishi onse a mu Masi amayang'ana mbali imodzi ngati anthu m'tchalitchi. Iyi anaiyang'anitsa kwina.

"Mwaphonya, bra," ndinamuuza womangayo m'Chingerezi changa cha mumsewu. "Kumeneko kulibe mpira."

Anaseka. "Iyi si ya TV, baba. Ya TV imangolandira. Iyi imalandira komanso imatumiza."

Imatumiza! Imatumiza chiyani? Kwa ndani?

Ndinathamangira kwa a Phiri awa, Mmalawi wobadwira ku Harare, amene tinkagawana nawo fodya ndi mantha.

"Akuti ndi zaulere," ndinatero.

"Zaulere, shamwari? Mu Cape Town muno momwe ndi jumbo yomwe amagulitsa? Tsegulani maso!"

Mawa lake Sisi Thandeka, mayi woyang'anira kontenayo, anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi fomu. Dzina. Dziko lochokera. Nambala ya pasipoti. Ndinati basi, umboni wakwana. Mwatilemba mayina, dishi yatumiza, galimoto ya ogwira anthu opanda mapepala yafika. Simple!

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadutsa pa kontena chipewa chili pamphuno. Chichewa ndinachisiya. Mlongo wanga yemwe, wobadwa naye mimba imodzi, ndinkamupatsa moni wa Chixhosa kuti, "Molo, sisi."

"Achimwene, mwadwala?"

"Shhh! Ikumva!"

Vuto linali loti Esnati anali atalembetsa kale. Ankachapa ndi kukolopa kwa azungu ku Kommetjie, ndipo zaka ziwiri anali akuwerengera satifiketi yosamalira okalamba kuti achokeko ku ndowa. Mayeso omaliza anali Loweruka thu koloko, pa kompyuta, m'kontena momwemo. Ukawaphonya, chaka chamawa.

"Usapiteko," ndinamuchonderera. "Akufuna mudzaze m'katimo onse, angotseka chitseko. N'chifukwa chake asankha kontena. Angoikweza pa lole mpaka ku Mwanza!"

"Achimwene," anatero akusita bulauzi, "inu mwathawa mayiko atatu ndipo palibe amene ankakuthamangitsani. Ndisiyeni ndilembe mayeso."

Ndinaona kuti mwanayu amunyenga kale. Monga mkulu pabanja ndinayenera kumupulumutsa.

Pulani yanga inali yoti nditembenuze dishi thu koloko isanakwane. Koma mwini makwerero amene ndinkafuna kubwereka anali atapita ku Fish Hoek kukadula kapinga, ndiye pamene ndinkakwera pa denga la kontena, sipanala ili kukamwa, anthu anali atalowa kale, mayeso ali m'kati.

Chizolowezi cha mmisiri sichitha. Ndisanamasule boti ndinakanda kachizindikiro ndi msomali pamene dishi inali. Kenako ndinamasula n'kuikankha pang'onopang'ono mpaka inayang'ana kumene anzake onse amayang'ana. Ndinaisisita n'kuiuza kuti, "Onera mpira ngati anzako."

Ndiye mphepo ya ku Cape mukuidziwa. Siipempha odi. Ndinangomva gwa! Makwerero pansi.

Chitseko cha kontena chinatseguka. Ndipo mukudziwa amene anayamba kutuluka, bolopeni ili kukhutu? A Phiri! Omwe aja a tsegulani maso!

"A Phiri, mukutani m'menemo?"

"Ndimafufuza, shamwari," anatero osandiyang'ana. "Kuchokera m'kati." Kani anali akulemba mayeso oyendetsa foloko lifiti, kagalimoto konyamulira katundu, kuti akalowe ntchito ku Montague Gardens.

Anthu anatuluka onse. Theka anali Amalawi omwe ndinawachenjeza sabata yonse akundigwedezera mitu. Sisi Thandeka anayang'ana dishi, anayang'ana sipanala, anayang'ana ine, n'kungoti, "Hayibo, tata!"

Womaliza anali Esnati. Sanakuwe. Anapita pamene panagwera makwerero n'kuwaponda ndi miyendo yonse iwiri.

"Achimwene, wotchi ya mayeso sikuima. Kwatsala mphindi fote. Zaka ziwiri ndakolopa usana, ndawerenga m'minibasi."

"Ndimakupulumutsa, achemwali!"

"Dishi ibwerere pamene inali. Apo ayi, mugona pompo, mukalambira pompo, ndipo satifiketi yokusamalirani ndikhala ndilibe."

Ndinayang'ana kumsewu kuti mwina lole ija ifika indichotse manyazi. Kunangodutsa galu.

Ndiye ntchito inayamba. Ine pamwamba kufunafuna kachizindikiro kanga, Sisi Thandeka m'kati akuyang'ana timagetsi ta pa kabokosi, a Phiri pakhomo akukuwa ngati kondakitala.

"Pang'ono! Pang'ononso! Mwapitirira, bwererani!"

"Mphepo ikundikankha!"

"Ikankheninso!"

Anthu a mu Masi anadzaza njira yonse. Ena kundiphunzitsa m'Chixhosa, ena m'Chishona, mayi wina wogulitsa mitu ya nkhosa mpaka anasuntha mbaula yake kudzaika pafupi, poti kasitomala anali pano. Ndikuwerama kuti ndimange boti yomaliza, buluku langa linang'ambika kumbuyo kuyambira palamba mpaka pansi. Khamu lonse: "Yhooo!"

Koma timagetsi tinayaka. Onse anathamangira m'kati. Makwerero palibe anawakumbukira. Ndinakhala pa denga mpaka mayeso kutha, chipewa nditachikhalira.

Esnati anamaliza kutatsala mphindi zitatu, ndipo anakhoza. Pano amasamalira agogo ena ku Parow kuno, yunifolomu yoyera mbee. Wapolisi sanabwere, lole sinabwere. Ngakhale fomu ya pemiti yanga ndinakadzazira m'kontena momwemo, Sisi Thandeka akundithandiza kwinaku akugwira nthiti.

Koma Lamulungu lake foni inalira. Mayi athu, ku Chiradzulu, amene anali asanamve mawu anga zaka zitatu.

"Fostino, takuona."

"Mwandiona kuti, amayi?"

"Pa foni ya abusa. Mpingo wonse wakuona. Kodi ntchito ya ku Kepu ndi yokhala pa denga? Nanga kabudula wam'kati uja, wofiira, si uja ndinakugulira ukunyamuka?"

A Phiri awa anali atandijambula. Ndipo intaneti itangobwerera, asanayankhe ndi funso limodzi lomwe la foloko lifiti, anayamba atumiza chithunzi changa kwa Amalawi onse a m'foni mwawo.

Ndiye musamati ndinanama. Dishi ija imatumizadi za anthu, kungoti mu Masi monse inatumiza za munthu mmodzi, yemwe anakwera kukailetsa.

Ukamaopa kuonedwa, usakwere pa denga.

Sekani, a Phiri, sekani. Ndipatseni chipewa changacho ndinyamuke minibasi zisanathe. Ayi, tiyi wachiwiri ndakana. Ndipo foni yanuyo muiloze kwina.