Kabotolo ka Tadala m'firiji ya mafirizesi

Nkhani iyi kwathu sitiikamba pakakhala alendo. Koma poti theka la Lirangwe linaonerera ndi maso, kuli bwino ndiulule ndekha ena asanaithire mchere.

Tadala, mwana wa achemwali anga, amaphunzira kemisitiri ku yunivesite. Lachinayi lina mu Okutobala anandiimbira kuti katundu amene wakhala akumudikira miyezi inayi wafika ku Chileka, koma iye sangachoke mpaka Lolemba. Yanga inali kukalandira kwa bambo wina woombola katundu pafupi ndi bwalo la ndege, n'kukasunga pozizira. Anati ndi ufa wachikasu, muli chitsulo chodula chotchedwa paladiyamu chomangidwa pamodzi ndi mankhwala ena. Ntchito yake n'kulumikiza tizidutswa ta mankhwala tomwe patokha sitigwirana, monga amachitira popanga mankhwala a m'chipatala, ndipo kafukufuku wake womalizira sukulu ankadalira ufawo. Anabwereza kawiri kuti usatsegulidwe poti mpweya umauwononga, usatenthedwe, komanso usakhudze khungu kapena pakamwa pa munthu. Ine ndinkangoti eya, eya (ndinaphunzitsapo sayansi ku pulayimale, ndiye ndimadzimva).

Ndinakalandira tsiku lomwelo. Chibokosi chinali chachikulu, koma mkati munali kabotolo kosaposa chala changa. Vuto linali firiji. Ya pakhomo pathu ndi ya bizinesi ya akazi anga, amene amapanga mafirizesi, ndipo chiyambire tsiku lomwe ndinasungamo matemba n'kununkhitsa katundu yense, ndinaletsedwa ngakhale kuitsegula. Kupempha ndinachita nako mantha. Ndinadikira kuti apite kumjigo, n'kubisa kabotolo kuseri kwa timabotolo tawo ta zokometsera.

Loweruka m'mawa anapita kumsika ndi bokosi lodzaza, atandisiyira firizesi imodzi ya chinanazi. Ndinaiyamwa bwinobwino pakhonde, kenako ndinati ndikazonde katundu wa mwana. Palibe. Ndinatulutsa zonse za m'firiji, palibe. Nditatembenuka ndinaona beseni lopangira mafirizesi lili patebulo, pansi pake pali timadzi tachikasu, supuni ili momwemo.

Ndinapita pagalasi kukatulutsa lilime, ndipo linali lachikasu. Pompo kukhosi kunayamba kuyabwa, thukuta lili kamukamu. Ndinkaopa kufa, sindibisa, koma chimene chinandiumitsa thupi n'chakuti m'bokosi lija munali mafirizesi okwanira msika wonse, ndipo ogula ambiri amagulira ana.

Ndinaimbira Tadala, n'kufunsa mozungulira kuti tinene munthu wina, osati ine, atamwa ufa uja mwangozi, zingathe bwanji.

"Ankolo, mwatani?"

Ndinati ndikungofuna kudziwa. Anati munthuyo atsuke m'kamwa, asadzisanzitse, apite kuchipatala atatenga kabotoloko kuti adokotala awerenge. Anawonjezanso kuti ufawo susungunuka m'madzi, ukanaoneka. Mawu amenewa akanandipulumutsa, koma khutu langa linali litaima pa chipatala. Ndinadula foni n'kukwera kabaza nditavala patapata.

Kumsika ndinapeza zomwe ndinkaopa. Dzuwa la Okutobala, aliyense kapulasitiki kachikasu kukamwa. Woyamba kumulanda anali mayi wina wogulitsa tomato, wa Mvano kutchalitchi kwathu. Ndinamutsomphola firizesi ndisanamupatse n'moni womwe, n'kuyamba kukuwa kuti aliyense amene wagula yachikasu alavule. Anthu anaunjikana. Wina anafunsa ngati muli poizoni, ine m'malo mokana ndinayamba kufotokoza za paladiyamu (taganizani, pakati pa msika). Bambo wina wogulitsa makala anagwira pamimba n'kukhala pansi. Mayi wina ananyamula mwana wake akulira, akufunsa njira yachidule yakuchipatala. Kenako ndinamva mawu kumbuyo akuti banja limeneli lisachoke pano, ndipo ndinaona anyamata a kabaza akuyandikira pomwe panakhala akazi anga. Apo ndiye ndinadziwa kuti mantha a pagalasi aja anali masewera.

Akazi angawo anaimirira, anamanga chitenje bwino, osathamanga.

"Bambo a Chikondi, mukufuna kabotolo kanu kaja? Kali pamwamba pa khoma la khitchini. M'mafirizesi anga simunalowe kanthu."

Anafotokoza pamaso pa onse kuti anakapeza Lachinayi lomwelo. Kabotolo kobisidwa, zilembo zosawerengeka, mwamuna ali chete: anaganiza kuti ine, mkulu wa mpingo, ndayamba kuyenda kwa asing'anga. Anakatsegula, kutakasa ndi kamtengo ka machesi, n'kukaika pansi pa malata pomwe timasunga mankhwala a makoswe, kudikira kuti ndiulule ndekha. Pofuna kutsimikizira anthu, anatenga firizesi yachikasu n'kuiyamwa yonse ataimirira. Bambo wa makala uja anachira nthawi yomweyo. Msika unaseka mpaka ogulitsa nsomba kutsidya, ine ndinaseka nawo misozi ikutsika, chifukwa panalibe amene akufa.

Kuseka kunathera pakhomo. Kabotolo ndinakapeza chitsekero chili chokhwepa, katatentha ndi malata masiku awiri. Ufa uja sunalinso wachikasu. Unali wabulauni, ngati fodya wopera.

Lolemba Tadala anafika ndi kabokosi kake ka ayezi. Anakweza kabotolo powala, anakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akalipe, ndipo zikanandipepukira. Anangofunsa ngati azakhali ake anasamba m'manja atakhudza, kenako anakakulunga mu pulasitiki.

"Palibe kanthu, ankolo. Ndiitanitsa wina, ndidzamaliza chaka chamawa. Zikomo pokanditengera."

Akazi anga amati ndinaphunzirapo kuti munthu uzilankhula zinthu zisanaipe. Ine ndimavomera. Koma achemwali mpaka lero amadziwa kuti mwana wawo anachedwa kumaliza chifukwa katundu anaonongekera m'njira, ndipo sindinapezebe tsiku labwino lowauza kuti njirayo inali khitchini yanga.