Ufa wokana madzi

Pali kachipatala kena ku Tsangano kumene mpaka lero ndimadutsa nditakokera mpango kumaso. Sindinabe kanthu kumeneko, sindinatukwanenso munthu. Ndinangoyesa kuthandiza anthu ophunzira a kunja pa ntchito imene inawakanika.

Inali nthawi imene nkhondo inatichotsa ku Ntengo-Wambalame, n'kutiunjika pa vila, katawuni ka Tsangano, ngati mbatatesi za pamsika. Bambo a kunyumba anali atawoloka malire kukafuna ganyu, ine n'kutsala ndi mwana wanga Rozita, amene anali atangoyamba kuyenda, m'kanyumba ka alamu anga a Bonifasiyo. Alamuwa anafika kwarta kusukulu, kalasi yachinayi, ine ndinalekeza segunda, yachiwiri, choncho m'nyumbamo nzeru zonse zinali zawo. Zanga zinali kutunga madzi.

Tsiku lina Rozita anadzuka maso ali chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, bere akulikana. Ndinamubereka n'kuthamangira kuchipatala, n'kukaima pa bisha, mzere uja wosatha. A enifermero athu, bambo amene anali namwino pamenepo, anali munthu wokonda kulankhula. Mankhwala akasowa, iwo ankagawa nkhani. Atamukoka mwana chikope anatembenukira anthu onse.

"Awa ndi matenda a chiwindi. Kunja madokotala akuyesa njira yatsopano yopangira katemera wake, koma akuti ufa umene apanga ukukana kusungunuka m'madzi. Anthu a magalasi m'maso, ufa wawakhalika pansi!"

Anthu anaseka. Kenako a enifermero anayamba kundilangiza za mwana, koma mwachipwitikizi chothamanga, Chichewa n'kumangochiwaza apo ndi apo ngati mchere. Anandipatsa kabotolo momwe munatsala timapiritsi pang'ono.

"Mwamva, amake Rozita?"

"Eya."

(Sindinamve. Koma kumbuyo kwanga kunali amayi ambirimbiri, ndipo ine munthu wovala zoyera akandiyang'ana, lilime limasanduka chikwanje chobuntha. Akanandifunsa ngati ndine mbuzi, ndikanati eya.)

Kunyumba nditatsegula kabotolo kaja, pansi pa mapiritsi ndinapeza kathumba kakang'ono kapepala, kolembedwa mawu achilendo. M'kati mwake munali timibulu toyera ngati mchere wa miyala. Ndinawaonetsa alamu. Iwo anakayang'ana patali, anakayang'ana pafupi, anakatembenuza, n'kutsokomola.

"Mlamu, mwachita mwayi. Uwu ndi ufa uja amanena a enifermero. Akupatsirani mobisa kuti ena asachite nsanje."

"Nanga palembedwa chiyani?"

"Palembedwa kuti ndi wamphamvu kwambiri."

Ndinakhulupirira. Munthu wa kwarta anganame?

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza: azungu aja alephera chifukwa sanatakasepo phala chibadwire. Ine ndasungunula mchere, ndasungunula sopo, ndasungunula mkaka wa ufa wa thandizo uja umene umachita mibulu ngati uli ndi mwano. Kaufa aka kangandikanike?

Ndinathira timibulu tija m'kopo ya madzi. Nthawi yomweyo tinayamba kulira, the-the-the, ngati mfuti zakutali. Alamu, mwamuna wolimba mtima, anapezeka ali kale pakhomo, phazi limodzi kunja. Atazindikira kuti phokoso likuchokera m'kopo anabwerera akukonza kolala.

"Mwamva mphamvu yake? Ndinanena ine."

Ndinatakasa ndi supuni mpaka dzanja kuwawa. Timibulu tinangosweka, koma tili pansi phee, tikundiyang'ana. Ndinatenthetsa madzi. Palibe. Ndinatitsanula, n'kutipera pamwala mpaka kusanduka ufa weniweni, n'kubwezera m'madzi. Unayandama pang'ono ngati wavomera, kenako n'kukhalanso pansi. Ndinathira m'botolo n'kukhutchumula ngati ndikuvina ngoma. Palibe.

Apo mwana ali gone pamphasa, milomo youma. Mapiritsi aja sindinamupatse, poti alamu anali atagamula kuti amayenera kumwera madzi a ufawo. Ndinkangomunyowetsa pakamwa ndi madzi a nzimbe, n'kubwerera ku ntchito yanga yaikulu ya udokotala.

Ndinakapempha ndimu kwa aneba n'kufinyiramo. Ufa unakana. Ndinati mwina sufuna zowawasa, ufuna chidulo, pakuti chidulo chimafewetsa ngakhale masamba okhwima ngati chikopa. Ndinatcheza chidulo cha zitsononkho n'kuthiramo. Madzi anachita thovu, anasintha mtundu, anayamba kununkha ngati thope la m'khola. Ufa uli pansi, osatekeseka, ngati mlendo amene wamva kuti mukupha nkhuku.

Pamenepo alamu anabwera ndi nzeru yotsiriza.

"Mlamu, chinthu chimene chakana madzi sichikana kachasu. Kachasu amasungunula ngakhale ukwati."

Anapita okha kukamutenga (ulendo wokhawo umene anadzipereka osatumidwa chiyambire nkhondo). Anathira, anathiranso, akuti muyezo wake amaudziwa ndi iwo. Tinakhutchumula. Nsenga zili pomwepo. Ine ndinanunkhiza kopo ija, maso n'kutuluka misozi, ndipo kanzeru kochepa kamene ndinatsala nako kanandiuza kuti ichi sichingalowe m'kamwa mwa mwana.

"Ndiyambe ndalawa ine," anatero alamu, "tione ngati chili bwino kwa mwana."

Analawa. Analawanso kuti atsimikize. Pamene ndinkatembenuka kuti ndimukonze Rozita, ndinamva kopo ikugunda pansi yopanda kanthu, alamu akutafuna nsenga ngati nkhuku yodya mchenga.

Ndinalira, anthuni. Mankhwala a mwana wanga, ochokera kutsidya kwa nyanja, opatsidwa mobisa, athera m'mimba mwa munthu wa maso oyera bwinobwino! Manyazi onse anathawa. Ndinabereka mwana, ndinatola kapepala kaja, n'kuthamanga. Sindinaime pa bisha. Ndinadutsa amayi onse, ine yemwe uja, n'kukagwada pamaso pa a enifermero.

"Pepani bambo, ndipatseniko ufa wina. Uja amwa alamu."

"Ufa uti?"

"Uja wokana madzi. Ndinayesa ndimu, ndinayesa chidulo, ndinayesa kachasu..."

Ndinawapatsa kapepala. Anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Amake Rozita, aka amaika m'botolo kuti mapiritsi asachite chinyezi. Ntchito yake ndi kumwa madzi, osati kumwedwa. Mawu awa akuti musadye."

Kuseka kumene kunabuka pa bisha paja, ndikhulupirira ngakhale a mfuti kuphiri anakumva. Mayi wina anachita kutsitsa mwana kumsana kuti aseke bwino. Koma a enifermero atafunsa ngati mwana wamwako, ine n'kuti ayi, nkhope yawo inamasuka. Anandikhazika pambali n'kubwereza zonse m'Chichewa chokhachokha, mawu amodziamodzi: timapiritsi tija n'tongomupatsa mphamvu, matendawa alibe mankhwala, mwana apume, ayamwe, amwe madzi owiritsa ndi zotsekemera pafupipafupi, ndipo akayamba kugona mosadzuka ndithamange naye. Kunena kwina, nzimbe ija ndinkamupatsa mongodikirira inali yanzeru kuposa ine ndi alamu kuphatikiza.

Rozita anachira, maso anayera. Alamu m'mimba munawapota mpaka anaiwala Chipwitikizi chonse, koma sanafe. Lero amauza anthu pamowa kuti iwo ndi munthu woyamba kulandira katemera wa chiwindi m'dziko muno, ndipo umboni wake ndi wakuti maso awo sanachitepo chikasu. (Amafiira, koma chimenecho ndi china.) Ine amayi a pachitsime anandipatsa dzina lakuti Dotora, ndiye kuti dokotala, ndipo aliyense mchere ukachedwa kusungunuka mu ndiwo amatuma mwana kudzandiitana.

Ophunzira a kunja aja sindikudziwa ngati ufa wawo unavomera. Wina akakumana nawo awauze asataye nthawi ndi ndimu, chidulo kapena kachasu, mbali imeneyo ndinawagwirira kale.

Mwina mukuganiza kuti tsopano ndimafunsa ndikapanda kumva. Sabata yatha ndinapita ndi mng'ono wake wa Rozita kusikelo. A enifermero atsopano analankhula, analankhula, n'kumaliza ndi "Mwamva, mayi?"

Ndinati eya.