Yosefe Amene Sanabadwe

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ndipo lero ali ndi ana akeake akuluakulu. Koma kwa masiku anayi athunthu, m'mapepala a boma, anali mnyamata. Amene anachita zimenezi si mfiti kapena kalaliki woledzera ayi, ndine bambo wake, mutu uli bwinobwino, osalawako ngakhale kadontho.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo ine ndinali mlembi wa nthambi yake m'mudzi mwathu (udindo wopanda malipiro, koma ndinkayenda nawo ngati nduna). Ntchito yeniyeni ndinkagwira pa famu ina ya ng'ombe za mkaka cha ku Palabana. Kumeneko ndinali munthu wa buku. Ng'ombe ikabereka, mwana wake ndinkamulemba tsiku lomwelo, wamphongo kapena wamkazi, ndi dzina la make. Ndinkadzitama kuti ndikangomva kulira kwa kang'ombe m'khola ndimadziwa kuti ndi kamphongo ndisanakaone, ndipo anzanga ankangondivomereza kuti nkhani ithe.

Tsiku lina kunabwera uthenga wochokera ku boma woti tiuwerenge pa msonkhano: anthu azilembetsa obadwa, okwatirana ndi omwalira, kuti boma lidziwe kuchuluka kwathu ndi pomanga masukulu. Ndinauwerenga bwino, koma pakamwa panandiyabwa, ndinathirapo zanga. Ndinati pa famu ng'ombe zonse zili m'buku pamene ana a m'mudzi muno sali m'buku lililonse, ndiye kuti ng'ombe zatiposa. Anthu anang'ung'udza. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Tizaona wanu akabadwa, ba sekeletale!" Ankadziwa kuti mkazi wanga Esnati anali wodwala pakati, mwezi wake utakwana.

Mwana anabadwa Lolemba masana, m'nyumba ya apongozi anga, amake a Esnati, pakuti ine ndinali mkamwini pamudzipo. Mwambo wathu, umene makolo anabwera nawo kuchokera kum'mawa, ndi woti mwamuna salowa m'chikuta, nyumba imene mayi ndi khanda amabindikiramo, kufikira mchombo utagwa. Dzinanso silitchulidwa mchombo usanagwe. Choncho ndinaima kuseri kwa nkhokwe, makutu ali tcheru. Ndinamva nthungululu, kenako kulira. Abale anga, kulira kwake! Mawu aakulu, okhuthala, osapuma. Ndinadzigunda pachifuwa n'kunena ndekha kuti ameneyo ndi mwamuna. Apongozi anatumiza mawu akuti mlendo wafika bwino ndipo make ali bwino. Zoti ndi mwana wanji sindinafunse (ndikanafunsiranji, katswiri ngati ine?), ndipo azimayiwo aliyense ankayesa kuti mnzake wandiuza kale.

Lachiwiri m'mawa ndinapempha tchuthi, ndinavala jekete, n'kupalasa njinga ulendo wa ku Chongwe. Ndinkafuna kuti pa msonkhano wotsatira ndidzaimirire pepala lili m'manja, mayi wokuwa uja adzasowe poyang'ana. Mu ofesi yolembetsera ndinapeza kalaliki wachizimayi, wa magalasi, wosaseka wamba. Anatenga fomu n'kuyamba kufunsa.

"Mwana ni mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna," ndinayankha mokweza, kuti a pa benchi amve nawo.

"Dzina?"

Apa ndinadodoma pang'ono, koma danga lopanda kanthu pa fomu ine limandiwawa m'maso. Ndinatchula dzina la malemu bambo anga, Yosefe. Ndinasaina, iye anadinda, n'kundiuza kuti mafomu onse a mwezi umenewo anyamuka Lachisanu masana kupita ku Lusaka, kumene amawerengera anthu a dziko lonse ndi kulemba masatifiketi. Ndinabwerera ndikuimba mluzu njira yonse.

Lachitatu madzulo dzuwa likupendeka, ndinakumana ndi mlamu wanga Nelia, mng'ono wake wa Esnati, akuyanika matewera. Ndinamufunsa mmene alili a m'nyumbamo.

"Ali bwino, alamu. Kamtsikana kanu kayamwa monga kalipidwa."

"Kamtsikana ka ndani?"

"Kanu. Nanga pabadwa angati pano?"

Ndinaseka kaseko kopanda mano kuti asazindikire, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukhala pa chitsa. Za manyazi a pa msonkhano zinandichoka m'mutu nthawi yomweyo. Ndinkaona mwana wanga atakula, akukayamba sukulu ndi pepala lonena kuti ndi Yosefe, akukatenga chitupa n'kubwezedwa, akufuna kukwatiwa boma likumuuza kuti iyeyo ndi mwamuna. Ndinkadziwa anthu amene anatha nsapato akulondola mapepala ku Lusaka. Ndinachita mantha, ndipo ndinadzida.

Lachinayi ndinafika pa ofesi asanatsegule. Kalaliki uja atakhala pansi ndinawerama n'kunong'ona kuti pa fomu ya dzana panalowa kacholakwa kakang'ono.

"Kacholakwa kabwanji?"

"Mwana uja ni mkazi."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ba tata, mwana mwamuona na maso yanu?"

"Sininamuone. Akali m'chikuta."

"Manje dzana munaziba bwanji kuti ni mwamuna?"

Ndinayankha zoona, kuti ndinamva kulira. A pa benchi, amene dzana ndinkafuna kuti andimve, tsopano anandimvadi. Bambo wina anaseka mpaka kutsokomola. Kalaliki sanaseke. Anati dzana ndasainira mwamuna, lero ndikuti mkazi, mawa ndibwera ndi mapasa, ndipo iye sangasinthe pepala la boma pa mawu a munthu amene sanaone kanthu. Ndibwere ndi amene analandira mwanayo ndi manja ake, galimoto yonyamula mafomu isananyamuke mawa masana. Kunena zoona, mayiyo sanalakwe.

Amene analandira mwana anali awiri, azamba ndi apongozi. Ndinathamangira kwa azamba, ndinapeza anyamuka kupita ku maliro ku Bundabunda. Anatsala apongozi. Tsono muyenera kudziwa kuti chikwatirire Esnati, ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana pa njira, wina ankapatukira kutchire. Mawu ankadutsa mwa Esnati kapena Nelia. Koma nkhani iyi kuidutsitsa mwa Nelia kunali ngati kuiika pa wailesi.

Ndinawapeza akusankha nyemba kuseri kwa nyumba. Ndinagwada patali, ndikuyang'ana khola la nkhuku, iwo n'kutembenukira ku mtengo wa mango. Ndinafotokozera kholalo zonse, kuyambira kuseri kwa nkhokwe mpaka kwa kalaliki (za dzina lokha ndinazimeza, mtima sunalole). Apongozi anapitiriza kugwetsera nyemba m'lichero.

"Ndiye mdzukulu wanga, boma lidziwa kuti ni mwamuna?" anafunsa mtengo wa mango.

"Inde, amayi."

"Basi ipita liti?"

"Siipita mawa, amayi. Pali njinga chabe."

Anapuma mpweya wautali. "Muipope bwino."

Lachisanu tambala atangolira kachiwiri tinanyamuka, titauza anthu kuti apongozi akukagula mankhwala a mwana. Ndinapinda thumba pa kaliyala, iwo anakhala chammbali, atagwira chitsulo ndi manja onse awiri kuti chala chawo chisakhudze malaya anga. Ine ndinakhala kunsonga kwa chishalo, msana uli njo, ngati ndameza mpini. Apongozi anga sanali munthu wochepa thupi, ndipo msewu wake unali wa mchenga ndi zitunda. Anthu opita kuminda ankaima, makasu ali paphewa, kuyang'ana mkamwini atakweza apongozi ake dzuwa likutuluka.

Pa kamtsinje kena gudumu lakutsogolo linalowa mumchenga, njinga inayamba kuvina. Apongozi anasiya chitsulo n'kundikumbatira m'chiuno ndi mphamvu zawo zonse. Titaima, tonse awiri tinati "Pepani!" nthawi imodzi, wina akuyang'ana kumpoto wina kumwera. Kuchokera pamenepo zitunda zonse tinkakwera wapansi, ine patsogolo ndi njinga, iwo mapazi khumi m'mbuyo, dzuwa likukwera ndipo mtima wanga ukukwera nalo.

Tinafika galimoto ya khonsolo itaima kale pakhomo, dalaivala akupukuta galasi. Mafomu anali atamangidwa mtolo ndi chingwe pa tebulo. Kalaliki atationa anamasula chingwecho, ananyowetsa chala, n'kuyamba kufunafuna mpaka anasolola yanga.

"Amayi, ndimwe munalandira mwana?"

"Ndine, na manja awa. Ni mkazi. Ninabala ana asanu na awiri, niziba kusiyana kwake."

"Chabwino. Manje dzina ikhale yomweyi? Pano palembedwa Yosefe."

Apongozi anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anandiyang'ana m'maso. Ndikanakonda akanapitiriza kuyang'ana mitengo.

"Mwana alibe dzina," anauza kalaliki, maso ali pa ine. "Mchombo ukalibe kugwa."

Kalaliki anatenga cholembera, anajambula mizere iwiri kuchokera ngodya kufika ngodya, analemba mawu pakati, n'kuika fomuyo m'kabati yake. Anati lamulo silithamangitsa munthu chotero, masiku olembetsera akadalipo ambiri, tidzabwere mwana akakhala ndi dzina ndipo bambo wake atamuona. Anamanganso mtolo uja, dalaivala anaunyamula. Ndinaima pakhonde kuyang'ana galimoto ikulowa mumsewu waukulu wa ku Lusaka mopanda Yosefe, ndipo ndinamva thupi lonse kupepuka, mwakuti ndikanatha kuvina pomwepo pakanapanda apongozi.

Pobwerera ndinkadikira chidzudzulo, mwinanso mlandu wa pabwalo, poti kutchula dzina mchombo usanagwe si nkhani yochepa. Tinayenda theka la njira. Kenako mawu anachokera pa kaliyala: "Akamwini, nkhani iyi yathera pa njinga pano. Esnati akali na mabala, asamve zopusa." Ndinati zikomo katatu, ndipo misozi inalengeza, kaya chifukwa cha mphepo kaya chiyani.

Mchombo unagwa Lamulungu. Azakhali anga anabwera kudzatchula dzina, anati mwanayo ndi Dailesi, ndipo ine anandiitana kuti ndilowe. M'nyumba munadzaza azimayi. Apongozi ananyamula khandalo, anadutsa onsewo, n'kulipereka m'manja mwanga okha, chinthu chimene sichinachitikepo pamudzipo. Anayang'ana kukhoma n'kunena mofatsa kuti, "Muyang'anitsitse, akamwini. Musafulumire."

Azimayi anaseka poyesa kuti ndi nthabwala wamba ya agogo atsopano, Esnati nayenso anaseka. Ine sindinaseke. Ndinafunyulula kansalu, ndinayang'anitsitsa monga anandiuzira, kenako ndinayang'ana kankhope kake, ndipo ndinakhala choncho nthawi yaitali mpaka Esnati anafunsa ngati ndikufuna kumubweza mwanayo kapena ndigona naye.

Dailesi ndinakamulembetsa sabata yotsatira, kwa kalaliki yemwe uja, amene anandifunsa kawiri ngati tsopano ndatsimikiza. Apongozi anasunga chinsinsi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Kufulumira sindinasiye, Esnati angakuuzeni, koma ana asanu amene anabwera pambuyo pake ndinkayamba ndawaona ndi maso, ndipo pokalembetsa ndinkapita ndi mayi wawo.