Nkhondo Yanga ndi Nthula

Lolemba
Lamulungu likubwerali mudzi wonse ukutayirira ziweto, poti chimanga chalowa m'nkhokwe. Ine ndatsala ndi mbuzi imodzi, Mawanga, ndipo ili ndi bere. Inzake inafa chaka chatha itadya nthula: mimba kutupa, thovu kukamwa. Ulendo uno ayi! Ndawerenga zitsamba za nthula kuseri kwa khola: 43. Ndizizula zisanu ndi ziwiri patsiku, chotsalacho ndidzachizula ndikuyimba. Zida: khasu, chikwanje, magolovesi amene malemu bambo anabwera nawo ku Joni.

Lachiwiri
Ndazula zinayi basi. Mizu yake ikulowera ku Mozambiki. Magolovesi onse awiri ndi a dzanja lamanzere. Minga m'dzanja lamanja: 11.

Lachitatu
ANangozo oyandikana nawo afika atagwira tsaya. Akuti muzu wa nthula ndiwo mankhwala awo a dzino. "Aphunzitsi, mukagumula chipatala changa, ine ndizikalira kwa yani?" Ndawasiyira zitatu, ndazimanga nsanza zofiira. Mano awatsalira asanu, koma sindinanene.

Lachinayi
Amayi a kumpingo abwera kudzandithandiza, asanu ndi mmodzi, makasu awiri. Ndapita kukawaphikira tiyi. Pobwera ndapeza akuyimba, mulu waukulu uli apo. Azula mabilinganya anga onse 18, amene mbewu yake ndinakagula ku Manjawira! Akuti masamba ake ndi ofanana ndi a nthula, ndiponso amazuka mosavuta. Nthula zenizeni azulapo ziwiri. Shuga wapita masupuni 21.

Lachisanu
Ndaunjika zozulazo kuti ziume ndizitenthe. Ana a m'mudzi athyolamo zipatso zachikasu za nthula, akugendana nazo. Tsopano nthula ili pabwalo, pakhonde, ngakhale m'khola momwe. Ndatola 67, msana wakana. Chipatso chilichonse chili ndi njere zosawerengeka. Ndayesa.

Loweruka
Mawanga yadula chingwe, ulendo wa pamulu paja. Ndathamanga, ine amene sindinathamangepo chipumire ntchito, mpango kugwa, patapata imodzi kutsala m'mbuyo. Ndaipeza ikusankha bwinobwino: bilinganya kudya, nthula kukankha ndi mphuno. Mbuzi ikusiyanitsa zimene amayi asanu ndi mmodzi analephera. Komabe inzake ija nayonso inali yochenjera, mpaka msipu utauma. Ndagula chingwe china.

Lamulungu
Ziweto zonse zatayiriridwa, kupatula yanga. Pochokera kutchalitchi ndapeza chingwe chatsopano chili chokha. Mtima phaa! Ndafufuza kudambo, kudzala, kumunda kwa aNangozo. Ndaipeza kuseri kwa khola, yagona pamthunzi wa nthula za nsanza zofiira zija, ikunyambita tiana tiwiri.

ANangozo akuti ndione ubwino wosagumula chipatala.

Nthula zotsala: 37. Pakamwa poyang'anira: patatu. Khasu ndalibweza m'nyumba, mpando ndautulutsa. Ndikhala pompano mpaka mvula igwe.