Uchi Pankhope ya Akazi a Kapitawo

Mpaka lero njuchi ikangodutsa pafupi, mayi akunyumba amandiyang'ana cham'mbali, ine n'kuyamba kufunafuna chochita panja.

Iwowa ali ndi kasaluni kosamalira khungu ku Goliati: kufukiza nkhope ndi nthunzi, kuthana ndi ziphuphu, kufewetsa manja a amayi othyola tiyi. Ntchitoyi anachita kuphunzira. Ine ndinkangowerengako buku lawo (matenda anga ndi omwewa, ndikawerenga chinthu ndimadziona ngati ndachigwirapo).

Loweruka lina akupita ku Limbe kukagula mafuta, anandilangiza kuti, "Kukabwera munthu, mumuuze abwere mawa." Posakhalitsa anatulukira Mayi Nakhumwa, akazi a kapitawo wa kuesiteti, kasitomala amene amakoka anzake onse a kumvano.

"Mawa? Mawa ndi chinkhoswe cha mwana wanga, bambo. Kapena ndipite saluni ya kuseri kwa msika?"

Kasitomala ngati ameneyu apite kwina ine ndikuona? Ndinati, "Khalani pansi mayi, zimenezi timazidziwa."

Ndinakanya peyala lakupsa n'kuthiramo uchi. Buku limati supuni imodzi. Ine ndinathira zinayi, poti munthuyo ndi wolemekezeka. Ndili mkati mopaka, magetsi anathima. Kachipindako n'kamdima, choncho ndinatulutsa mpando pakhonde, kuwaphimba maso ndi tizidutswa ta nkhaka, n'kuwauza kuti asagwedezeke.

Zoti aneba athu ali ndi ming'oma m'nthochi kuseri ndinkazidziwa bwinobwino. Uchiwo ndinagula kwa iwo omwewo.

Inabwera njuchi imodzi. Inapita kukaitana abale ake.

"Magetsi ayaka eti?" anafunsa Mayi Nakhumwa. "Ndikumva kamakina."

"Eee, kamalira choncho. Musatsegule maso."

Ndinayamba kuzikupiza ndi buku lomwe lija (palibe tsamba limene linandichenjeza kuti njuchi sakupiza). Ina inawaluma mlomo wam'mwamba. Nkhaka zinauluka! Mayi aja liwiro kulowera kumsewu, nkhope yobiriwira, thaulo lili m'khosi, ine pambuyo ndi beseni la madzi ndikukuwa, "Sitinatsuke, mayi!" A kabaza anaimika njinga kuti aonerere bwino.

Mayi akunyumba nkhaniyi anaimvera m'minibasi pobwerera. Atangofika anayamba ndi ine.

"Bambo, ndinati chiyani?"

"Munati mawa."

"Ndiye mawa linafika ine ndili ku Limbe?"

Sanakhale n'komwe pansi. Ananyamula mankhwala kupita kukapepesa. Pazithunzi zonse za chinkhoswe, mayi a mwana atseka pakamwa ndi mpango ngati akulira ndi chimwemwe. A kumvano anatha miyezi iwiri osaponda pakhomo pathu.

Mayi Nakhumwa anabwerera ndithu, koma amaima kaye pakhomo n'kufunsa, "Adokotala aja alipo?" Pamenepo ine ndimatulukira khomo lakuseri.

Ntchito yanga tsopano ndi kuchapa mathaulo, ndipo buku analitsekera m'sutikesi. Chondiwawa n'chakuti ndinali nditangofika pamutu wa kuchotsa ubweya ndi phula. Aneba aja phula ali nalo lambiri, likungowonongeka.