Magolovesi Ojambulira Ukwati wa Mwana wa Ahedi

Mukadzafika ku Chintheche n'kumva amayi apamsika akunong'onezana kuti "mkwatibwi uja akudutsa," koma inu mukuona bambo wandevu atanyamula makope, musadzavutike kufunsa. Bamboyo ndine. Nkhaniyi akazi anga akuidziwa theka lokha, ndiye ngati mumapemphera nawo mpingo umodzi, chonde gwirani pakamwa.

Kwathu ndi ku Ngabu, kuchigwa kotentha kuja, kumene juzi timaivala pofuna kudzionetsa basi. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kuno kunyanja, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi. Akazi anga anatsala kumudzi ndi ana komanso mayi anga amene amadwaladwala. Nditapita kutchuthi chatha, mwana wathu wotsiriza anandilandira bwino kwambiri, kenako anafunsa amake kuti ankolowa agona kuti. Chaka chilichonse ndimapempha kuti andisamutsire kwathu, ndipo chaka chilichonse pempholo limafera pa tebulo la ahedi, chifukwa popanda kalata yawo yovomereza, kuofesi sakuyang'ana n'komwe.

Ndiye tsiku lina mu Juni ahedi anandiitana.

"Asambizi," anatero (kuno mphunzitsi amamuitana choncho), "ndamva muli ndi kamera. Mwana wanga Wezi akukwatiwa mwezi wamawa. Mutijambule bwino. Chintchito chimenechi chikatha, tidzakhala pansi tilembe kalata yanu ija."

Kamera ndinali nayodi. Mlamu wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni, yakuda, yolemera ngati njerwa, mabatani mbali zonse. Ndinkajambulira ana a sitandade 8 tizithunzi ta mayeso, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinavomera ahedi asanatsirize n'komwe kulankhula (awa ndi matenda anga akalekale).

Chimene ndinaiwala n'chakuti mwezi wamawawo ndi Julayi. Anthu akumtunda amaganiza kuti kunyanja n'kotentha chaka chonse. Bwerani mwera ukamaomba m'mawa mudzaone. Eni dera amasamba m'nyanja akuimba nyimbo, koma ine mwana wa kuchigwa zala zimauma, manja n'kumanjenjemera ngati ndagonera kachasu. Ndinapita kugombe m'mamawa kukayesa kamera pa bwato la asodzi. Bwatolo linali limodzi, pachithunzi anatuluka atatu.

Nesi woyandikana naye nyumba, mayi wa ku Dedza amene mphepo ya kuno amaiseka, anaona zithunzizo nati, "Aphunzitsi, vuto si kamera. Pezani magolovesi."

Oyamba ndinabwereka kwa mkulu wina wa kabaza wa njinga yamoto. Kufunda ankafundadi, sindingawanamizire. Koma chala chimodzi chinkadina mabatani atatu nthawi imodzi, mpaka kamera inasintha chilankhulo n'kuyamba kundilembera Chitchaina. Ndinatha masiku awiri ndikuichonderera kuti ibwerere.

Achiwiri ndinagula ku famase, opyapyala aja amavala kuchipatala. Batani ndinkalimva bwino, koma mphepo inkangodutsa ngati palibe chimene ndavala. Nditangotsikira kugombe, amayi ogulitsa usipa anayamba kuvindikira mabeseni awo. Mmodzi anandiyandikira mwaulemu nati, "Ada, kwagwa kolera, kapena wina wamira?" Ogula anabalalika. Ndinachoka pamalopo ndikupepesa anthu amene sindinawalakwire dala.

Achitatu sanali magolovesi, anali masokosi anga amene ndinawaboola potulukira zala. Ntchito ankagwira ndithu. Koma amene mumawadziwa Atonga pa nkhani ya kutchena mukundimvetsa. Anthu amene amasita ndi kampango ka m'thumba komwe, ndiye iwe ukafike pa ukwati wawo utavala masokosi m'manja? Nesi uja anangoti, "Mukavala zimenezo musadzanene kuti timadziwana."

Kutatsala masiku anayi ndinapita pa kaunjika tsiku la msika. Ndinafotokozera mayi wogulitsa zimene ndinkafuna: opyapyala, ofunda, osiya zala pamtunda. Anafukula mulu wake mpaka pansi, natulutsa awiri oyera.

"Alipo awa okha, bambo. Koma ndi a mkwatibwi."

Anali a nsalu yoterera yonyezimira, ofika m'chigongono, timikanda titandandalika kumsana kwa dzanja, ndi kachingwe kokoleka ku chala chapakati. Pano ndikanatha kunama kuti sindinkadziwa chimene ndinkagula, koma mayiyo ananena momveka, ndipo ine ndinamva. Ndinangodziuza kuti mikono ya jekete yanga ndi yaitali, ibisa zonse, ndipo munthu wojambula palibe amene amamuyang'ana.

M'mawa mwake ndinakayesa kugombe. Kaya anali magolovesiwo kaya chinali chikhulupiriro, manja anakhazikika, bwato linatuluka limodzi, ndi nsomba za m'bwatomo ndinkatha kuziwerenga. Ndinaimbira akazi anga pomwepo n'kuwauza kuti Disembala uno ndikubwera ndi matiresi omwe. Anaseka, ndipo ndinali ndisanawamve akuseka choncho kwa nthawi yaitali.

Ukwati unali wa seveni koloko m'mawa. Mwera unadzuka tsiku limenelo ngati wachita kutumidwa. Nditafika pa tchalitchi ndinapeza zinthu sizili bwino: galimoto ya mkwatibwi ili chitsekere, amayi akuthamangira uku ndi uku, ena akukhuthula zikwama. Sindinafunse. Ndinaima pakhomo manja ali m'matumba, kamera ili pakhosi.

Kenako anatulukira azakhali ake a Wezi, amene kuno amati ankhazi, mayi wathupi wa ku Bandawe, chipewa chachikulu kumutu. Ukwati wonse ndiwo ankauyendetsa. Tsono kuno moni sapereka dzanja lili m'thumba, ndipo dzanjalo sakubwezera mpaka atafunsa za anthu onse a kwanu.

"Mwayuka uli, asambizi?" anatero, atatambasula dzanja.

Ndikanatani? Ndinatulutsa langa. Analigwira ndi manja awiri, nayamba kufunsa za kusukulu, za kumudzi, za mayi anga. Ali pa za mayi angawo, chala chawo chinagunda mkanda. Anakweza mkono wa jekete yanga pang'onopang'ono, nsalu yoyera ikungotulukabe, mpaka m'chigongono.

"Apezeka," anauza amayi aja, osakweza n'komwe mawu. "Magolovesi a Wezi apezeka."

Apa m'pamene ndinadziwa chimene ankafufuza. Diresi la mkwatibwi anabwereka ku shopu ina ku Mzuzu, ndipo magolovesi ake sankaoneka chidzukire. Wezi anali atakana kutsika galimoto. Choipa kwambiri, dzulo lake masana ine ndinali kunyumba kwa ahedi kukajambula diresilo lili pa hang'ala, ndekha m'chipinda.

"Ayi mayi, awa ndi anga," ndinatero.

"Anu?" Ankhazi anandiyang'ana ndevu. "Munakwatiwa liti?"

Anthu amene anali atalowa kale m'tchalitchi anayamba kutuluka. Ahedi anafika ali mu suti yawo yatsopano, anayang'ana mkono wanga, anayang'ana nkhope yanga, nati motsitsa, "Asambizi, ngati pali mavuto ena amene simunatiuze, tikanathandizana." Ndinayesa kufotokoza za mwera, za kabaza, za masokosi, koma ndikamafotokoza zinkamveka zoipa kuposa kuba.

Wina anaimba foni ku Mzuzu. Mwini shopu anapepesa: magolovesi a Wezi anatsala pa tebulo pake. Choncho dzina la wakuba linandichoka, n'kutsala bambo wa ana atatu amene ali ndi magolovesi akeake a mkwatibwi. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa ziwirizi chopepuka n'chiti.

"Chabwino, si akuba," anatero ankhazi. "Koma vulani. Mwana akudikira."

"Mayi, popanda amenewa manja anga..."

"Manja anu akukwatiwa lero?"

Kuti ndivule magolovesi ndinayenera kuvula kaye jekete. Ndinaima pakhomo la nyumba ya Mulungu mikono yonse iwiri ikunyezimira, ankhazi akukoka kuno, mayi wina akukoka uko. Wezi anawavala, natsika galimoto akumwetulira. Kunena zoona anamukhala bwino kuposa ine.

Za m'tchalitchi sindikumbuka zambiri. Manja ankanjenjemera ndi mphepo. Abusa anali atalengeza kuti mafoni onse abisidwe popeza wojambula alipo, ndiye pa kuvekana mphete panali ine ndekha. Titatuluka tinapita kugombe la ku Makuzi kukajambula banja lonse. Mafunde ankachita kubangula, velo ikuuluka, agogo a mbali zonse ziwiri atandanda pamchenga akudikira ine. Zala sindinkazimva. Ndinkangodina n'kumapemphera, ndipo aliyense akafunsa ndinkati zikutuluka bwino kwambiri.

Zithunzi ndinakazitsukitsa ku Mzuzu Loweruka lotsatira. Ndinatsegula envelopu ndili mu minibasi, ndipo ndinalakalaka minibasiyo ikanangopitirira osaima. Wezi anali ndi maso anayi. Mkwati ankaoneka mwachimbuuzi ngati munthu wobwera kumaloto. Pa chithunzi cha mphete panali chinthu chonga nthochi. Chithunzi cha banja lonse chinali ngati anthu akuthawa njuchi. Zithunzi zokhazo zooneka bwino za tsiku limenelo ndi zimene anthu anajambula pa mafoni kunja kwa tchalitchi abusa asanaletse, ndipo pa zonsezo pali ine ndikuvulidwa.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya ahedi n'kuika envelopu pa tebulo. Anaziona chimodzichimodzi, osafulumira, zina akuzitembenuza kuti apeze kumutu. Ndinkadikira kuti akalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Musadandaule, asambizi," anatero. "Kugwa m'mbuna si kulephera ulendo. Mng'ono wake wa Wezi ukwati wake ndi Julayi wa chaka chamawa. Muli ndi chaka chathunthu chokonzekera. Mukadzatipatsa zithunzi zooneka, kalata ija tidzalemba tsiku lomwelo."

Ndinathokoza (inde, ndinathokoza, ndi manja awiri). Nditafika pakhomo mtima unandiuza kuti ndifunse, ngakhale mutu unkakana.

"Pepani ahedi, kodi ana aakazi muli nawo angati?"

"Asanu," anatero monyadira. "Wezi ndiye woyamba."

Akazi anga ndinangowauza kuti kuofesi mapepala achedwa. Anangofunsa ngati ndikudya bwino. Ndinalira nditadula foni, sindibisa.

Phunziro lake ndikulidziwa, ndipo ndikhoza kulilemba pa bolodi: munthu asamavomere ntchito imene manja ake sangaithe, ngakhale amulonjeze kwawo. Koma kwathu ndikufunabe, ndipo njira yake ndi imodzi yomweyo. Loweruka lapitali ndinali pa kaunjika paja. Ndinawauza mayi ogulitsa aja kuti belo latsopano likafika andisungire alionse opyapyala, osiya zala pamtunda, bola akhale akuda. Anandiyang'ana mwachifundo, nati akuda otero amabwera kawirikawiri, kungoti amakhala a amayi ovala pamaliro.

Ndinawauza kuti andisungirebe.