Mazira Abuluu mu Mtondo wa Nangondo

Mwambi uwu, monga ndinaumvera kwa mayi Kachingwe a ku Mvano, unayamba motere. Anaufotokoza kuseri kwa tchalitchi tsiku lomwe atsikana awiri a kwaya, Eneresi ndi Tadala, anakwiyirana polimbirana kutsogolera nyimbo. Ine ndangolemba zomwe makutu anga anatola, ndipo pomwe ndaphonya Ambuye andikhululukire.

Kalekale, mlongo wake wa mayi wina dzina lake Najere anabwera kuchokera ku Joni ndi nkhuku ziwiri zachilendo, tambala ndi thadzi, n'kumupatsa Najereyo. Zinalibe mchira, koma m'masaya zinali ndi ndevu ngati za abusa akale. Thadzilo litayamba kuikira, mudzi wonse unasiya makasu. Mazira ake anali abuluu ngati thambo la m'chilimwe.

Posakhalitsa likongwe anagwira tambala uja. Panatsala mazira khumi okha okhala ndi mbewu yake, ndipo akanalephera kuswa amenewo mtunduwo ukanathera pomwepo. Najere anati si bwino kuika onse m'chisa chimodzi. Anatenga asanu n'kupatsa Nangondo, mnzake wa kuseri kwa mpanda, yemwe thadzi lake linali litangoyamba kufungatira.

Nangondo anathokoza pakamwa, koma atafika kwawo anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga masiku.

"Abambo a Fanizo, nkhuku imaswa pakatha masiku angati?"

"Masabata atatu," anayankha mwamuna wake, yemwe ankasema mpini pakhonde.

"Ndiye kuti ine ndi a Najere tidzaswetsa tsiku limodzi? Anthu adzayambira kwa iwo kuona, kwa ine adzangodutsa ngati pamanda."

"Nanga vuto lili pati? Mazirawo si awo omwe?"

Nangondo anayang'ana thadzi lake, kankhuku kowonda kolowa m'manja, kenaka anadziyang'ana yekha. Mulungu anali atamudalitsa ndi thupi, loti akakhala pa mphasa ena ankasowa malo.

"Kanthu aka kakutenthetsa mazira masabata atatu," anatero. "Ine ndiye sabata imodzi yakwana."

Anathamangitsa thadzi lija. Anakoka mtondo wakale, anaikamo gaga ndi sanza, anayala mazira asanu aja bwinobwino, kenaka anakonza chitenje n'kukhala pakamwa pa mtondowo ngati chivundikiro.

Mwamuna wake anaika kasemasema pansi. "Amake Fanizo, ndikuthireni chimanga pansipa kapena muzijompha nokha?"

"Sekani lero. Mudzasekera kumbali anthu akadzadzaza bwalo lino."

M'mawa woyamba unayenda bwino. Koma dzuwa lisanafike pamutu, kuseri kwa mpanda kunamveka kuseka. Nangondo anadzambatuka, anathamanga n'kukasuzumira pa kabowo. Anapeza kuti ndi a Najere akuseka mwana wawo yemwe wavala malaya chotembenuza. Anaimabe pomwepo kwa kanthawi, kuti aone ngati thadzi la ndevu lija likusuntha. Silinasunthe. Linangokhala phee m'chisa, maso ali gwa.

Anabwerera pa mtondo. Kunja kunadutsa njinga, iye dzambatu, mwina ndi alendo odzaona anapiye. Kunalira mbale, iye dzambatu. Tsiku lina a Najere anangoyetsemula, Nangondo n'kugwetsa chigawo cha mpanda pothamanga. Pofika sabata yachiwiri, pakati pa mtondo ndi kabowo kaja panali patachita njira yoti ngolo n'kudutsa.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Amayi anzake atabwera kudzamuzonda, anawauza kuti msana wamugwira ndipo asing'anga amulamula kukhalira mtondo. Amayiwo anagwada n'kumupempherera ndi mtima wonse, iye ali khale pamwamba ngati mfumukazi. Pemphero lili mkati, kwa a Najere kunalira nkhuku. Pomwe amayi ankati ameni, wodwala anali atamatira kale pampanda.

"Pemphero layankhidwa msanga," anatero mwamuna wake.

Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inatha, mu mtondo muli zii. Nangondo ankatulutsa dzira, kuliika kukhutu, kuligwedeza, kulinong'oneza kuti, "Tulukani ana anga, a kwa Najere angakupitirireni."

Tsiku la makumi awiri ndi limodzi, kuseri kwa mpanda kunamveka nthungululu. Anapiye asanu anali atatuluka, onse ndi tindevu tawo. Anthu anakhamukira kumeneko monga momwe Nangondo ankaopera. Atakhuta kuona, Najere mwa ubwino wake anati, "Tiyeni tikaonenso kwa anzanga, nawonso lero ndi tsiku lawo."

Gulu lonse linalowa pabwalo n'kumupeza ali pa mtondo.

"Zikomo a Nangondo. Thadzi lanu lili kuti, tione ana?"

"Ali pafupi kutuluka. Imani patali, mungawapondereze."

Anapisa dzanja pansi pa chitenje, anatulutsa dzira limodzi, n'kuligogoda pang'ono ndi chikhadabo kuti athandize mwanapiye. Dziralo linangoti phuu. Linali losukusa. Fungo lake linabalalitsa anthu mpaka kumsewu, ndipo galu wa pakhomopo akuti anakagona kwa eni masiku awiri.

Nangondo anayesa kudziteteza. "Ndi nkhuku yangayi. Siikhazikika pa mazira, imangoyendayenda kuyang'ana za anzake."

"Zoona zimenezo," anavomera mwamuna wake atatseka mphuno. "Ndakhala ndikuiona masabata atatu. Ndi nkhuku yaikulu ndithu, yovala duku."

Anthu anagubuduka ndi phwete, ena mpaka kugwira nthiti. Najere yekha sanaseke kwambiri. Anapiye atakula anatenga kamsoti kamodzi n'kukapatsa mnzake, koma anati, "Aka kakadzafuna kufungatira, inu a Nangondo mudzapite kumunda."

Atafika apa, mayi Kachingwe anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana Eneresi, anayang'ananso Tadala, n'kuti, "Ana anga, Mulungu anapatsa aliyense chisa chake. Wina mawu okwera, wina otsika. Khalira lako dzira litenthe. Kuyambira tsiku la mtondo lija, akulu akaona munthu akusiya zake n'kumasuzumira pampanda, amangoti, nkhuku yanjiru siiswa."